Kapitidwe ka ku Shiwa Ng'andu, kukaona chinyumba cha Chipembere

Ndiyambe ndakonza kaye apa, Chipembere amene ndikunena pano si Henry Masauko Chipembere wathu uja ayi. Uyu anali mzungu, dzina lake Stewart Gore-Browne, msilikali wa ku England amene Abemba anamutcha choncho chifukwa cha ukali, akapsa mtima ankangolusa osaona kuti kutsogolo kuli ndani. Nde bambo ameneyu anakamanga chinyumba cha zipinda pafupifupi 40 pakati pa tchire kumpoto kwa Zambia, cha njerwa zofiira, chansanja, chokhala ndi tchalitchi chake mkati momwemo, ndipo chilipobe mpaka pano ngakhale chinatsala pang'ono kusanduka bwinja lenileni. Ambiri timangodziwa Chipata ndi Lusaka, tikapitirira apo ndi Nakonde kokaoda katundu, koma malo amenewa timawadutsa mu basi tili mtulo.

Malowa ali m'chigawo cha Muchinga, pakati pa Mpika ndi Chinsali. Mukamachokera ku Mpika pa Great North Road kulowera ku Nakonde mumayenda makilomita pafupifupi 90, kenako mumakhotera kumanzere mu msewu wafumbi, makilomita ena khumi ndi kanthu mwafika. Dzina lenileni ndi Ishiba Ng'andu, m'Chibemba ndiye kuti nyanja ya ng'ona yachifumu, paja banja lachifumu la Abemba, la a Chitimukulu, ndi Bena Ng'andu, eni ng'ona. Ndipo si dzina chabe, m'kanyanja kameneko ng'ona zilimo zenizeni, nde zoti mukatsuke mapazi m'mphepete kapena kujambulitsa mutaima m'madzi musayerekeze.

Pa mapu zimaoneka ngati mpafupi ndi kwathu, makamaka kwa anthu a ku Rumphi ndi Mzimba, koma pakati pali chigwa cha Luangwa ndi mapiri a Muchinga, nde njira iliyonse ndiyozungulira basi. Amene muli kumpoto, yachidule ndi ya Karonga kupita ku Chitipa, pamenepo ndi tala, kenako kuwoloka boda kulowera ku Nakonde pa msewu wafumbi umene nthawi ya mvula umasautsa zedi. Ena amasankha kutulukira pa Songwe kulowa Tanzania, kudzera Mbeya mpaka Tunduma nkudzalowa Zambia pa Nakonde, tala yekhayekha koma maboda awiri, komanso kumbukirani kuti wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ya Zambia ndi yathu ndi imodzi. Kuchoka pa Nakonde mumatsika kudutsa Isoka, kudutsa mphambano ya ku Chinsali, kenako mphambano ya Shiwa ili kumanja. Amene muli ku Lilongwe kapena Blantyre ndiye konzekerani kukhala pampando, Mchinji, Mwami, Chipata, Lusaka, kenako Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika, masiku awiri athunthu ndipo aliyense wokuuzani kuti tsiku limodzi likwana akufuna mukagone mu dzenje. Ulipo msewu wina wodzera ku Lundazi ndi Chama nkukatulukira pa Matumbo pafupi ndithu ndi Shiwa, pa mapu umakopa, koma musaukhulupirire chifukwa cha foni, funsani madalaivala a ku Lundazi mmene ulili mwezi umenewo.

Opanda galimoto musadandaule kwambiri, mabasi a Lusaka kupita ku Nakonde amadutsa pa mphambano pomwepo, mungomuuza kondakitala nthawi ikadalipo chifukwa si siteji yoti basi imaima yokha. Vuto ndi kuchoka pa mphambano kulowa mkati, palibe minibasi yodikira anthu pamenepo, nde mupangane ndi a kumalo ogona kuti adzakutengeni, apo ayi mudzaima ndi chikwama padzuwa kudikira matola. Sitima ya TAZARA, ija imachoka ku Kapiri Mposhi kupita ku Dar es Salaam, imaimanso pa Mpika, koma ameneyo ndi ulendo wa munthu wosathamangira kanthu.

Za mapepala, Mmalawi safunika viza polowa m'Zambia, pasipoti yosatha ntchito basi. Ngati mwatenga galimoto yanu ndiye pali kantchito, blue book, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti galimoto si yakuba, kalata ya mwini wake ngati si yanu, inshulansi ya yellow card ya COMESA kapena mugule yawo pa boda, carbon tax, ndi ndalama za ma toll gate m'njiramo. Matrayango awiri ndi timapepala tonyezimira tija, toyera kutsogolo tofiira kumbuyo, apolisi a pamsewu kumeneko amafunsa. Ndalama sinthani mukhale ndi kwacha ya Zambia m'thumba, dzina ndi limodzi ndi yathu koma mphamvu ndi zosiyana kutalitali, nde mukamva mtengo musamwetulire msanga, werengerani kaye. Mafuta thirani fulu pa Mpika kapena pa Nakonde, ndipo usiku musayende pa Great North Road, mathanki ndi mathiraki opita ku Dar ndi osawerengeka, ena amafera pamsewu nkungoika masamba a mitengo m'malo mwa trayango. Msewu umenewu uli ndi mbiri yake, Ian Smith atalengeza ufulu wake wa ku Rhodesia mu 1965 mafuta a Zambia ankadzera momwemu kuchokera ku Tanzania usanaikidwe tala, madalaivala anautcha Hell Run.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Juni ndi Julaye kumazizira ngati ku Dedza, tengani juzi yeniyeni, nyumba za njerwa zokhuthala ngati imeneyi mkati mumazizira kuposa panja. Okutobala kumatentha ndipo kumwamba kumachita mbuu ndi utsi chifukwa anthu amakhala akuotcha minda ya chitemene, ulimi wawo wodula nthambi nkuzitentha pamunda, zithunzi zimatuluka zotuwa. Mukapita mvula itangoyamba mupeza kobiriwira bwino ndipo ndi nyengo ya ifishimu, mphalabungu zawo zija, ku Mpika zimagulitsidwa m'mabeseni, koma msewu wafumbi ndiye uzikupatsani maganizo.

China, kumeneko si ku Chipata. Chinyanja ena amamva koma chilankhulo ndi Chibemba, nde phunziraniko pang'ono, mwashibukeni m'mawa, muli shani, natotela pothokoza, ndipo liwu loti mukwai muziliika paliponse polankhula ndi akuluakulu, ndi ulemu wawo. Mudzaona nokha mmene nkhope zimamasukira.

Tsopano chofunika kwambiri chimene anthu amalakwitsa. Iyi si miyuziyamu ya boma yoti mungofika nthawi iliyonse nkugula tikiti, ndi nyumba ya anthu, zidzukulu za mwini wake zimakhala pa esiteti pomwepo ndipo ndi famu yoti ikugwira ntchito, ng'ombe, nkhosa, mathirakitala. Kuona mkati kumachitika m'mawa, kumalipiridwa, ndipo pamakhala munthu wokuyendetsani. Nde lumikizanani nawo musananyamuke, mufunse tsiku, ola ndi mtengo, musachite zofika 3 koloko masana muli anthu 14 mu minibasi ndi sipika. Njira yabwino ndi kugona pafupi usiku wake. Ena amagona m'chinyumbamo momwemo koma mtengo wake ndi wa madola, ambirife timakagona ku Kapishya, makilomita ngati 20 kupitirira, kumene kuli malo okhomapo tenti ndi tinyumba m'mphepete mwa mtsinje wa Mansha.

Musanalowe ndi bwino mudziwe nkhani yake, apo ayi mungoona njerwa. Gore-Browne anabadwa mu 1883, anafika ku Zambia mu 1911 ndi gulu limene linkalemba malire pakati pa Northern Rhodesia, dzina lakale la Zambia, ndi Congo ya ma Belgian, ntchito itatha mu 1914 anayenda wapansi ndi amtengatenga kufuna malo oti adzakhale ngati bwana wamkulu, chifukwa kwawo ku England ndalama zake sizikanakwana moyo umene ankaulota. Atafika pa kanyanjaka anati ndi pompano, nkugula maekala 10,000 pa masheleni awiri ekala imodzi. Tangoganizani, dziko la Abemba, wogulitsa ndi kampani ya azungu, British South Africa Company. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija inamuitana, anakamenya ku France, nkubwerera mu 1920 kudzayamba kumanga. Njanji yapafupi inali pa makilomita oposa 600, misewu kunalibe, nde chilichonse chimene sichikanapangidwa pamalopo chinabwera pamutu pa munthu kapena pa ngolo, ndipo ndalama zambiri zinkachokera kwa azakhali ake, Ethel Locke King, amene amuna awo anamanga bwalo la mpikisano wa galimoto la Brooklands ku England. Ankawalembera makalata osaleka azakhali akewo moyo wawo wonse. Chinyumba chachikulucho chinatha mu 1932 koma zowonjezera zinapitirira mpaka m'ma 1950.

Mukamalowa, musathamangire kukhomo lalikulu. Tsikani galimoto pa geti paja pali kansanja ka wotchi, yendani wapansi. Muona tinyumba ta antchito ta njerwa ndi matailosi padenga tofanana ndi kamudzi ka ku England, mitengo ya bulugamu italiitali mbali zonse za msewu, zitsulo za makina akale zochita dzimbiri zili pa udzu, nyumba zina zakale zong'ambika makoma zimene sizinakonzedwe. Kwa ine apa ndi pamene pali nkhani kuposa pabalaza. Yandikirani khoma muone njerwa imodzi imodzi, sizofanana ayi, ina yopsa kwambiri ina yotuwa ina yopindika pang'ono, aliyense amene anaumbako njerwa ndi chikombole nkuotcha uvuni usiku wonse adziwa msanga kuti apa panali thukuta la anthu mazanamazana. Matailosi a padenga anaumbidwa pomwepo, matabwa anachekedwa pomwepo, amisiri anali Abemba amene ambiri anali asanaonepo nyumba yosanja koma anakweza nsanja yoongoka imene yaima zaka zoposa 90. Pa zithunzi za m'makoma mudzaona mayina a azungu, nde inuyo mufunseni wokuyendetsaniyo, kodi agogo anu anagwirako ntchito pano, ankati chiyani za bwanayu. Ambiri ogwira ntchito pa esiteti ndi a m'midzi yomweyo, ndipo zimene angakuuzeni mutayenda naye awiri panja sizikhala zofanana ndi zimene amanena pagulu mu laibulale.

Chifukwa munthuyu ndi wovuta kumuika mbali imodzi. Ankamenya antchito, izi sizobisa, dzina lija silinabwere chifukwa chokonda nyama zakutchire. Madzulo aliwonse ankavala suti yakuda ya pa dina ngakhale akudya yekha, operekera zakudya atavala yunifomu, pakati pa tchire. Ife amene agogo athu anadziwa thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu zimenezi sizachilendo, fungo lake timalidziwa. Koma munthu yemweyo anamanga sukulu ndi chipatala pamalopo, analowa mu Legislative Council, nyumba ya malamulo ya nthawi ya atsamunda, mu 1935 ndipo kuyambira 1938 ankaimira zofuna za anthu akuda mmenemo, ankadya patebulo limodzi ndi anthu akuda nthawi imene azungu anzake ku Copperbelt ankawagulitsa nyama kudzera pa windo, anathandiza Harry Nkumbula, amene anadzakhala mtsogoleri wandale, pa maphunziro, Nkumbula yemwe uja amene ali ku London analemba limodzi ndi Dr Banda chikalata chokana chitaganya mu 1949. Kenako Gore-Browne anadzalowa UNIP, chipani cha Kenneth Kaunda. Mnzake wapamtima pa ukalamba anali dalaivala wake, Henry Mulenga. Gore-Browne atamwalira mu 1967 ali ndi zaka 84 anaikidwa mwaulemu wa boma ndipo Kaunda, ali pulezidenti, analankhula pamaliropo. Ine maganizo anga ndi oti musalole wina akugulitseni mbali imodzi yokha, kaya ya mzungu wabwino kaya ya mtsamunda woipa, chikoti chinalipo ndipo sukulu inalipo, zonse m'bwalo limodzi.

Mkati muzitsatira wokuyendetsani ndipo funsani musanajambule, zipinda zina ndi zogona anthu. Laibulale ndiye mtima wa nyumbayi, pamwamba, mabuku ambirimbiri akale, ndipo makalata ndi madayale ake amasungidwa pamalopo, musagwire ndi manja a mafuta a chipisi, mapepala a zaka zimenezo amangothetheka. Onani tchalitchi, onani bwalo la pakati, onani masitepe ndi zitseko zolemera zija, ndipo yang'anani zipembere zosemedwa, dzina lachipongwe lija mwini wake analikonda mpaka kulisandutsa chizindikiro chake. Mukamva nkhani ya mkazi wake Lorna musadabwe, anamukwatira mu 1927 iye ali ndi zaka 44 mtsikanayo 19, ndipo anali mwana wa mkazi amene Gore-Browne anamukonda ali mnyamata nkumulephera, mayi ndi mwana dzina limodzi. Banjalo linabereka ana aakazi awiri koma silinalimbe, mayiyo anachoka. Chinyumba chonsecho, munthu nkumadya yekha.

Nanga chinafika bwanji pokhala ngati bwinja? Esitetiyi sinkapanga phindu kwenikweni kuyambira kale, dothi lake ndi losauka ndipo msika uli kutali. Chimene chinayendako ndi mafuta onunkhira opangira perefyumu ochokera ku malalanje ndi mandimu, chifukwa kabotolo kakang'ono kamakhala ndi mtengo waukulu nde kunyamula sikuvuta, koma m'ma 1950 matenda anapha mitengo ija. Mwini wake atamwalira amene anayendetsa malowa anali mwana wake wamkazi wamkulu ndi mwamuna wake, ndipo awiriwa anaphedwa ndi achifwamba mu 1992 pa famu yawo ina kufupi ndi Lusaka. Zitatero nyumba inangokhala, denga kudontha, makoma kuchita nkhungu, mileme ndi akangaude kulowa, munda wa maluwa kusanduka thengo, mpaka mdzukulu wa Gore-Browne anayamba kuikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Nde mukamayenda muzitha kusiyanitsa, apa pakonzedwa, apa mpakale, pena mudzaona mzere wa madzi pakhoma pamene mvula inkatsikira zaka zimene zija. Nyumba simafa ndi ukalamba, imayamba ndi tailosi limodzi losweka limene palibe wakwera kukalisintha, madzi alowa pa thabwa, thabwa laola, chiswe chamaliza.

Ndipo poti mukhala mukusuzumira m'nyumba zakale zosakonzedwa zija, samalani. Valani nsapato zotseka osati masilipasi, mu udzu ndi m'milu ya njerwa ndi mokonda mphiri, ndipo mphiri sithawa imangogona. Musalowe m'chipinda chimene denga lake lalendewera, musaponde thabwa musanaliyese, lina limaoneka lamphamvu kunja mkati chiswe chinadya kalekale. Mukamva fungo lamphamvu la mileme tulukani, fumbi la zitosi zake si labwino m'chifuwa. Njuchi ndi mavu zimakonda m'machumuni ndi pansi pa denga, mukamva kulira bwererani mwakachetechete osakupiza manja. Ana agwireni pamkono. Ndipo chonde abale, zolemba mayina pakhoma ndi makala kuti uje anafika pano, kapena kutola kachitsulo kuika m'thumba kuti chikumbutso, zisiyeni, si zanu.

Mukatuluka m'nyumba musathamangire galimoto, pemphani akulozereni kumanda. Gore-Browne anamuika pa phiri loyang'ana kanyanja kaja, kukwera kwake si koopsa koma tengani madzi ndi chipewa. Pamwambapo ndi pamene mumaona chimene munthuyu anaona mu 1914, madzi ali phee pakati pa mapiri, ndipo mwina mungamvetseko pang'ono misala yake. Panjira mutha kuona mbidzi, nswala ndi puku, m'madambo a m'mphepete mwa nyanja mumakhala sitatunga koma imeneyo imafuna kulawirira ndi mwayi. David Livingstone anadutsa dera lomweli mu Januwale 1867 ndipo kagalu kake Chitane kanafera m'madzi a konkuno, iye analemba kuti kanamira powoloka, koma anthu amakonda kunena kuti ng'ona inadya, mudzamva zonse ziwiri. Amene miyendo ikadali bwino pali phiri la Nachipala loti mukwere, koma limenelo lipatseni m'mawa wake wake.

Masana bwererani ku Kapishya mukalowe m'madzi otentha aja. Amatumphuka pansi pa mchenga woyera, oyera mbee, otentha ngati osamba mwana, opanda fungo la mazira oola limene akasupe ena otentha amakhala nalo, mitengo ya kanjedza itazungulira. Sopo ndi zochapa ayi. Musakhalemo maola ambiri osamwa madzi mutu umazungulira, ndipo nthawi yokoma kwambiri ndi m'bandakucha mu Juni nthunzi ikukwera inu muli mkati kunja kukuzizira. Mtsinje wa Mansha uli pambali pomwepo koma umenewo musasambemo musanafunse eni ake. Usiku udzudzu ulipo, neti ndi mafuta odzola musaiwale, netiweki imabwera nkupita nde auzeni akunyumba kuti mukakhala zii si kuti mwafa.

Ngati mukubwerera njira ya Nakonde ndipo tsiku likulolani, khoterani ku Chinsali mufunse njira ya ku Lubwa. Pamenepo ndi pamene Kenneth Kaunda anabadwira mu 1924, ndipo bambo ake David Kaunda anali mphunzitsi ndi mlaliki wochokera kwathu kuno, anatumizidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukayamba ntchito pakati pa Abemba. Nchifukwa chake mu 1996 boma la Chiluba litasintha malamulo kuti woimira upulezidenti makolo ake onse akhale a ku Zambia, Kaunda anatsekeredwa kunja, munthu woti walamulira dzikolo zaka 27. Tchalitchi cha njerwa cha pa Lubwa chilipo, nachonso nchakale, muone kaumbidwe ka njerwa zake mufanizire ndi za ku Shiwa zija. Pochoka mugule chikanda cha pamsewu chodyera m'galimoto, mupemphe akuthirireni tsabola, ndipo nyamukani dzuwa likadali pamutu kuti boda mukaipeze isanatseke.